Kodi Einstein akudzichitira yekha umboni pa nkhani ya nyenyezi zakufa?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa aphunzitsi a sayansi pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Dedza. Akuti anauza ana a Fomu 4 kuti kuthambo kuli nyenyezi zimene m'mimba mwake ndi makilomita 20 kapena kupitirira pang'ono, koma n'zolemera kuposa dzuwa, ndiponso kuti asayansi amayesera pa nyenyezi zimenezi ngati zimene Albert Einstein ananena za mphamvu yokoka zili zoona. Mtsikana wina anakweza mkono n'kufunsa kuti: ngati kulemera kwa nyenyeziyo amakupeza ndi masamu a Einstein, kenako n'kumati kulemerako kwatsimikizira kuti Einstein sanalakwe, kodi si munthu amene akudzichitira yekha umboni pamlandu wake ameneyo? Aphunzitsiwo akufuna yankho loti akapereke m'kalasi.

Aphunzitsi, mwana ameneyo mumusamale, mutu wake ukugwira. Ndipo akunena zoona mpaka pakati pa njira. Pali poyambira pamene masamu a Einstein amangogwiritsidwa ntchito, osayesedwa n'komwe. Kuyesako kumabwera pambuyo pake, ndipo n'kumene ndikhalitsepo. Koma tiyambe tadziwa kaye nyenyezi zakezo.

Nyenyezi yamoyo imakhala pakati pa mphamvu ziwiri: kutentha kwa m'kati kumaikankhira kunja, mphamvu yokoka imaikanyira m'kati. Zoyaka zikatha, yokokayo imapambana. Nyenyezi ya msinkhu wa dzuwa lathu imasiya chotsalira chotchedwa white dwarf, chachikulu ngati dziko lapansi basi. Mu 1930, Subrahmanyan Chandrasekhar, ali ndi zaka 19, pa sitima yochokera ku India kupita ku England, anayamba masamu amene anasonyeza kuti white dwarf ili ndi malire: singalemere kuposa pafupifupi ka 1.4 kulemera kwa dzuwa. Nyenyezi zikuluzikulu zikamafa, mtima wake umapitirira malire amenewa n'kugwera m'kati, ma electron n'kulowerera m'ma proton kupanga ma neutron (tonseti ndi tinthu ta m'kati mwa atomu), kunja kwake n'kuphulika. Chotsala ndi neutron star. Kachidutswa kake ka sentimita imodzi mbali zonse kamalemera matani mamiliyoni mazanamazana. Walter Baade ndi Fritz Zwicky ananena za nyenyezi zotere mu 1934, patangotha zaka ziwiri James Chadwick atatulukira neutron, koma panalibe amene ankadziwa kuti angaione bwanji.

Anaipeza ndi Jocelyn Bell mu 1967 ku Cambridge, ali wophunzira, akuyang'ana mizere ya inki imene telesikopu ya mafunde a wailesi inkalemba papepala. Anaona kanthu kakugunda pa masekondi 1.34 alionse, kosaphonya. Chimene chimachitika n'chakuti nyenyezi ikanyala imazungulira mothamanga kwambiri, ndipo neutron star zina zimatulutsa mafunde a wailesi molunjika mbali ziwiri zokha. Zili ngati munthu waima pabwalo usiku akuzungulira ndi tochi m'manja: inu muli patali mumangoona kuwala kukuthwanima nthawi imene tochiyo yaloza kwa inu. Nyenyezi yotere ndiyo pulsar. Ya mu Crab Nebula, yotsala pa kuphulika kumene akatswiri a ku China anakuona mu 1054, imazungulira pafupifupi ka 30 pa sekondi. Yothamanga kuposa zonse zodziwika imazungulira ka 716. Mphoto ya Nobel ya 1974 inapita kwa Antony Hewish, amene ankayang'anira Bell, pamodzi ndi Martin Ryle. Bell anamusiya, ndipo ineyo sindinamvepo chifukwa chondigwira mtima. Mtsikana wanuyo mukamuuzenso kuti mu 2018 mayi ameneyu atalandira mphoto ina ya madola 3 miliyoni, ndalama yonse anaipereka kuti izilipirira ophunzira ena.

Chofunika kwa ife n'chakuti pulsar ndi wotchi, ndipo wotchi yake ndi yosaphonya. Sikelo ya nyenyezi zimenezi ndi kuwerenga nthawi basi.

Mu 1974, Russell Hulse ndi Joseph Taylor, pogwiritsa ntchito dishi ya mamita 305 ya ku Arecibo ku Puerto Rico, anapeza pulsar yogunda pafupifupi ka 17 pa sekondi. Chodabwitsa chinali chakuti kugundako nthawi zina kunkafika mofulumira, nthawi zina mochedwa, ndipo zinkabwerezabwereza pa maola 7 ndi mphindi 45 zilizonse. Tanthauzo lake n'lakuti pulsar ili ndi inzake imene ikuzungulirana nayo. Ikakhala tsidya la kutali mafunde ake amayenda ulendo wautali n'kuchedwa, ikabwera tsidya lathu amafika msanga. Inzakeyo sitiiona, koma ndi neutron star nayonso.

Tsopano tengani choko. Zinthu zimene sitikuzidziwa ndi ziwiri: kulemera kwa pulsar ndi kulemera kwa inzake. Masamu akale a Kepler ndi Newton amatiuza kutalika kwa ulendo ndi maonekedwe a njira, koma sangatipatse kulemera kwa iliyonse payokha, chifukwa sitidziwa kuti njirayo yapendekera bwanji kwa ife. Apa m'pamene Einstein amalowa, ndi chiphunzitso chake cha mu 1915.

Muyezo woyamba: njira ya pulsar si yozungulira bwinobwino, ndi yamtundu wa dzira, ndipo malo amene nyenyezi ziwirizi zimayandikana kwambiri amasuntha ndi madigiri 4.2 pa chaka. Zomwezi zimachitikira pulaneti ya Mercury pozungulira dzuwa, koma kumeneko gawo la Einstein ndi laling'ono moti pa zaka 100 silikwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 80 a digiri. Muyezo umenewu umatipatsa kulemera kwa ziwirizo pamodzi, pafupifupi ka 2.83 kulemera kwa dzuwa.

Muyezo wachiwiri: Einstein anati wotchi imachedwa ikakhala pamene mphamvu yokoka ili yaikulu, ndiponso ikamathamanga kwambiri. Pulsar ikayandikira inzake, zonse ziwiri zimaigwera, ndipo kugunda kwake kumasintha ndi timagawo tochepa mwa magawo 1,000 a sekondi. Izi zimayezeka. Tsopano tili ndi ma equation awiri ndi zosadziwika ziwiri, zimene ana anu anaziphunzira kale m'masamu. Yankho: pulsar ndi 1.44, inzake ndi 1.39.

Pofika pano mtsikana uja akuwina mlandu. Palibe chimene chayesedwa. Chiphunzitso china cha mphamvu yokoka chikanatenga miyezo iwiri yomweyi n'kutulutsa manambala ake awiri, ndipo sitikanadziwa wonama. Mizere iwiri pa graph, bola isakhale yoyenda molingana, imakumana ndithu penapake. Kukumanako si umboni wa chilichonse.

Umboni ndi mzere wachitatu. Mu 1916 Einstein ananena kuti zinthu zolemera zikamazungulirana zimatulutsa mafunde a mphamvu yokoka, ndipo mafundewo amachoka ndi mphamvu. Ngati n'choncho, nyenyezi ziwirizi ziyenera kumayandikirana, ulendo wawo n'kumafupika. Ndi angati? Apa palibenso poti munthu n'kukonzakonza manambala, chifukwa kulemera kuja tatseka kale pa 1.44 ndi 1.39. Mukaika manambala amenewa m'masamu, amati ulendo uliwonse wa maola 7 ndi mphindi 45 uzifupika ndi magawo pafupifupi 76 mwa magawo 1 miliyoni a sekondi chaka chilichonse. Mtunda wa pakati pa nyenyezi ziwirizo uzichepa ndi mamita pafupifupi 3.5 pa chaka. Kanthu kakang'ono zedi, koma kamaunjikana: patatha zaka 30, nthawi imene nyenyezizi zimayandikana inali itatsogola ndi masekondi pafupifupi 40 poyerekeza ndi mmene zikanakhalira popanda mafundewo. Taylor ndi anzake, makamaka Joel Weisberg, anawerenga chaka ndi chaka, ndipo zimene anapeza zinagwirizana ndi zimene masamu ananeneratu, kusiyana kwake kosapitirira magawo ochepa mwa magawo 1,000. Mzere wachitatu unadutsa pamphambano pomwe iwiri ija inakumana, pamene ukanatha kudutsa kwina kulikonse. Hulse ndi Taylor analandira Nobel mu 1993. Nyenyezi ziwirizo zidzagundana pakatha zaka pafupifupi 300 miliyoni.

Ngati mwanayo anena kuti mzere umodzi ungathe kugwa pamalo mwangozi, muuzeni za ma pulsar awiri amene anapezeka mu 2003 ndi telesikopu ya ku Parkes ku Australia, otchedwa PSR J0737-3039. Kumeneko nyenyezi zonse ziwiri zinkamveka kugunda, ina ka 44 pa sekondi, ina kamodzi pa masekondi 2.8, ndipo zimazungulirana pa mphindi 147 zokha. Popeza njira ya iliyonse inkaoneka payokha, kuti iyi ikuposa inzake kangati pa kulemera kunapezeka mosadalira kwenikweni chiphunzitso cha Einstein. Umenewo ndi mzere umene woimbidwa mlandu sanaujambule. Komanso mwamwayi njira yawo taiyang'anira cham'mbali, moti mafunde a pulsar imodzi amadutsa pafupi penipeni ndi inzake n'kuchedwetsedwa ndi mphamvu yake yokoka, zimene Irwin Shapiro ananeneratu mu 1964. Mu 2021 gulu lotsogozedwa ndi Michael Kramer linatulutsa zotsatira za zaka 16: miyezo 7 yosiyanasiyana, zosadziwika zili ziwiri zomwe zija, yonse n'kukumana pamalo amodzi. Pa za kufupika kwa ulendo, kugwirizana kwake kunafika pa 99.99 peresenti. Ngakhale kusowa kwa pulsar yochedwayo, imene inasiya kumveka mu 2008, kunali koyembekezeka, popeza masamu omwewo amati mutu wake uyenera kumapendama pang'onopang'ono mpaka mafunde ake kutiphonya.

Ndiye n'chifukwa chiyani akuyesabe? Chifukwa asayansi ambiri sakhulupirira kuti chiphunzitso cha Einstein ndi mawu omaliza. Sichigwirizana ndi malamulo a tinthu ting'onoting'ono ta m'kati mwa atomu, ndipo kufutukuka kwa chilengedwe kumene kukunka kukuthamanga kwachititsa ena kuganiza kuti mwina vuto lili pa kamvedwe kathu ka mphamvu yokoka. Ziphunzitso zopikisana zilipo zambiri, ndipo zina zimafanana ndi cha Einstein kuno kufupi ndi dzuwa, kumene mphamvuyo ndi yofooka, n'kusiyana nacho pokhapokha pafupi ndi chinthu chonga neutron star. Pa 17 Ogasiti 2017 zambiri mwa izo zinagwa tsiku limodzi. Makina a LIGO ndi Virgo anagwira mafunde a mphamvu yokoka ochokera ku neutron star ziwiri zikugundana mu mlalang'amba wa NGC 4993, ndipo patangotha masekondi 1.7 kuwala kwa kuphulikako kunafika. Ulendo wa zaka pafupifupi 130 miliyoni, kusiyana masekondi osakwana awiri: mafunde a mphamvu yokoka amayenda pa liwiro la kuwala, ndipo chiphunzitso chilichonse chimene chinkanena zosiyana kwambiri ndi zimenezi chinathera pomwepo.

Pa zimene munauza anawo, chenjerani ndi nambala imodzi. Kulemera kwa nyenyezi zimenezi kumadziwika mwatsatanetsatane, koma kukula kwake ayi ndithu. Chipangizo cha NICER, chimene chinamangiriridwa pa International Space Station mu 2017, chikusonyeza kuti kuchokera pakati kufika kunja ndi makilomita pafupifupi 12 kapena 13, kutanthauza kuti m'mimba monse ndi cha m'ma 25, ndipo akatswiri akukanganabe pa kilomita imodzi iyi kapena iyo. Mkanganowo si wachabe, chifukwa kukulako ndiko kumaulula zimene zili m'kati, komanso malire amene neutron star ingalemere isanagwe n'kukhala black hole, chinthu chimene mphamvu yake yokoka siilola ngakhale kuwala kutulukamo. Pulsar yotchedwa PSR J0740+6620 imalemera pafupifupi ka 2.08 kulemera kwa dzuwa, choncho malirewo ali pamwamba pa pamenepa.

Gawo lina la ntchitoyi likuchitikira kuno kummwera kwa Africa. Ku Karoo, pafupi ndi Carnarvon ku South Africa, kuli MeerKAT, madishi 64 a mamita 13.5 iliyonse, amene anatsegulidwa mu 2018 ngati chiyambi cha telesikopu yaikulu ya SKA, imene Zambia ndi Mozambique zili m'gulu la maiko a mu Africa othandizana nawo. Ma pulsar awiri aja ali kuthambo la kummwera, choncho MeerKAT imawamva bwino kwambiri. Mu Januwale 2024 gulu logwiritsa ntchito madishi amenewa linalengeza za pulsar ina ya m'gulu la nyenyezi la NGC 1851, imene imazungulirana ndi chinthu chosaoneka pa masiku 7 ndi theka. Chinthucho chimalemera pakati pa ka 2.09 ndi ka 2.71 kulemera kwa dzuwa: chikhoza kukhala neutron star yolemera kuposa zinzake, kapena black hole yopepuka kuposa onse odziwika. Pakadali pano miyezo imene ilipo ikungopereka kulemera kwa ziwirizo pamodzi ndi malire a chilichonse, ndipo akuwerengabe kugunda kwake kuti apeze mzere wotsatira.