Loya amene anaweruzidwa m'khoti loletsa maloya

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene akuphunzira zamalamulo ku Zomba. Akuti akadzamaliza sukulu akufuna kudzaimira uphungu kwawo, koma malume ake akumuletsa pomukumbutsa kuti ndale zinadya Orton Chirwa, loya wa maloya. Ndiye akufunsa kuti Orton ameneyu anali ndani, nanga malumewo akunena zoona?

Chemwali, dzina limene malume anu atchula ndi loyenera, koma nkhani akupatsani theka lokha.

Orton Chirwa anabadwa mu 1919 ku Nkhata Bay. Anaphunzira ku Fort Hare ku South Africa, anagwirako ntchito yauphunzitsi, kenako anapita ku London komwe mu 1958 analoledwa kukhala loya ku bungwe la maloya la Lincoln's Inn. Palibe munthu wakuda wa muno amene anali atafika pamenepo iye asanatero. Akanafuna, akanangokhala mu ofesi n'kumadya ndalama za milandu. Koma mu Malichi 1959 atsamunda analetsa chipani cha Nyasaland African Congress n'kutsekera Kamuzu m'ndende ya ku Gwelo, ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero). Chaka chomwecho Orton, pamodzi ndi mnyamata wina dzina lake Aleke Banda, anayambitsa Malawi Congress Party, iye n'kukhala pulezidenti wake woyamba. Kamuzu atatuluka mu 1960, Orton anamutulira mpandowo. Ambiri amene amavala nsalu ya tambala lero sadziwa zimenezi.

Pa chisankho cha 1961 analowa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo pofika nthawi ya ufulu, pa 6 Julayi 1964, anali nduna ya zachilungamo komanso mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo.

Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu, chifukwa mpamene anthu okamba za Orton amadumpha. Ali m'boma, iye anali m'modzi mwa olimbikitsa kuti makhoti a m'madera akhale ndi mphamvu, kuti milandu ya anthu akuda isamangodalira majaji achizungu. Maganizowo anali ndi mutu: munthu wa kumudzi ankaima pamaso pa jaji wosamva chinenero chake, pa malamulo obwera pa sitima. Komabe ngakhale nthawi imeneyo ena anachenjeza kuti makhoti otere ndi osavuta kuwapinda andale akafuna. Orton sanali mngelo. Anali wachipani, ndipo chipani chake masiku amenewo sichinkasekerera otsutsa.

Ufulu usanathe ngakhale miyezi itatu, nduna zinayambana ndi Kamuzu. Zinkadandaula za tiki (ndalama ya mapeni atatu) imene odwala anayamba kulipira kuchipatala, za malipiro a ogwira ntchito m'boma, za azungu amene ankangokhalabe pa maudindo, ndi za ubwenzi ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Mu Seputembala 1964 Kamuzu anachotsa Orton, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Henry Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo okha. Orton anathawira ku Tanzania, kumene patapita zaka anayambitsa gulu lotsutsa boma la Malawi Freedom Movement (MAFREMO).

Ali kunjako, mu 1969, Nyumba ya Malamulo imene iye anatulukamo inasintha lamulo la makhoti aja n'kuwapatsa mphamvu zoweruza ngakhale milandu yonyongetsa, ndipo pambuyo pake anawonjezeramo ndi milandu youkira boma. M'makhoti amenewa ankakhalamo ambiri ndi mafumu, ndipo woimbidwa mlandu sankaloledwa kubwera ndi loya.

Pa 24 Disembala 1981, Orton, mkazi wake Vera ndi mwana wawo Fumbani anagwidwa chakumalire a Zambia, kufupi ndi Chipata. Iwo ankati anachita kubedwa ali m'dziko la Zambia. Boma linkati analowa okha m'Malawi. Anawazenga mlandu woukira boma ku Blantyre, m'khoti la mafumu la chigawo cha kumwera. Taganizani, chemwali: loya woyamba wa dziko lino, pambali pake mayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya, onse awiri akudziyankhira okha, mboni zimene ankafuna kuitana zitakanidwa. Mu Meyi 1983 anawagamula kuti anyongedwe. Apilo inakanika. Mayiko akunja ndi mipingo ya ku Scotland atachita phokoso, mu 1984 Kamuzu anasintha chilangocho kuti akhale m'ndende moyo wawo wonse.

Ndende ya Zomba ili m'tauni momwe mukuphunziramo, mwina mumaidutsa popita kumsika. M'menemo Orton ankasungidwa payekha, nthawi zina ali mu unyolo. Vera anali m'ndende yomweyo, koma anatha zaka 8 osaonana. Anadzakumana mu Seputembala 1992 pamene maloya ochokera ku Britain analoledwa kuwayendera, Orton maso ndi makutu zitafooka kale. Anamwalira pa 20 Okutobala 1992 ali ndi zaka 73, ndipo Vera sanaloledwe kukakhala nawo pa maliro. Mayiyu anatulutsidwa mu Januwale 1993, miyezi yochepa referendamu ya pa 14 Juni isanachitike.

Tsono malume anu akunena zoona? Kuti ndale zinamupweteka, inde. Koma ine ndikuona kuti chinamupha si kulowa m'Nyumba ya Malamulo, koma zimene Nyumbayo inavomera pamene aphungu anasanduka oombera m'manja. Lamulo la 1969 lija silinagwe kumwamba. Linadutsa pamaso pa aphungu, n'kuvomerezedwa. Ndipo mbewu yake, ngakhale zimawawa kunena, Orton yemweyo anathirirako ali nduna, asakudziwa kuti adzaimirira m'bokosi la oimbidwa mlandu ndi iye.

Kaimireni uphunguwo ngati mtima ulipo. Makhoti a mafumu aja anatha pamene chipani chimodzi chinkagwa. Mukapita kumudzi patchuthi, nyamulani buku la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, mukawawerengere malume gawo 42, pamene akunena za ufulu wa woimbidwa mlandu wokhala ndi loya, mumve zimene akayankhe.