Nyali za masiku ano zikundithobwa m'maso usiku

FUNSO: Bambo Makaniko, ndili ndi zaka 57 ndipo ndimayendetsa Canter yonyamula mtedza ndi soya kuchokera ku Katete kupita ku Chipata. Sabata yatha usiku pa Great East Road ndinakumana ndi galimoto ya nyali zoyera mbee. Ndinaiphethirira kawiri koma siinadime. Itadutsa ndinangoona mdima, ndipo ndinatsala pang'ono kugunda ngolo ya ng'ombe yopanda chowala chilichonse kumbuyo. Kodi vuto ndi maso anga, kapena nanenso ndigule mababu amphamvu tizibwezerana? — Dalaivala wa ku Katete

YANKHO: Achimwene, pepani ndithu. Kalata yanu yandikhudza, chifukwa msewu umenewo ndauyenda usiku kosawerengeka, ndipo m'mbali mwake simusowa njinga, ng'ombe kapena mayi wosenza nkhuni. Koma zobwezeranazo ayi. Mukamuyatsira fulu nayenso, mwapanga akhungu awiri othamangirana pamsewu umodzi, ndipo wovulala amakhala wa njinga amene alibe mlandu.

Mwina munthuyo sanali pa fulu n'komwe. Ambiri akugula mababu a LED kapena xenon n'kuwalowetsa m'nyali zomwe zinapangidwira babu wa halogen. Mbale yonyezimira ya mkati mwa nyali inayezedwa kuti igwire kuwala kwa kawaya kakang'ono ka babu wakale n'kukutsitsira pansi, cha kumanzere. Mukaikamo babu wamtundu wina, kuwala kumamwazika ponseponse, kwina n'kulunjika m'maso mwa mnzanu. Mwini wake amakondwa kuti akuona bwino, osadziwa kuti akupweteka anthu. Nyali zomangirira pamwamba pa galimoto zija, zazitali ngati mtanda, n'za kutchire. Pamsewu wa tala azizimitsa.

Liwiro ndilo limandiopsa. Pa makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Maso akathobwa kwa masekondi atatu okha, mwayenda mamita 66 osaona kanthu. Choncho mukangoona nyali zotere patali, chotsani phazi pa mafuta. Musaziyang'ane, maso akhale kumphepete kwa msewu, kumanzere kwanu. Zikanyanya, imani pambali. Galasi lakutsogolo muzilipukuta mkati ndi kunja komwe, pakuti fumbi la mu Ogasiti ndi mafuta a m'manja zimamwaza kuwala.

Za maso mwafunsa bwino. Munthu akamakula, diso limachedwa kubwerera mwakale likathobwa, ndipo ng'ala ikamayamba, chizindikiro china ndi chimenechi: nyali usiku zimaoneka ngati zazunguliridwa ndi nkhungu. Pitani ku Chipata Central Hospital akakupimeni. Magalasi achikasu ogulitsa pamsika musataye nawo ndalama, amangochepetsa kuwala kochepa komwe muli nako.

Tsono ndikufunseni inunso, mwaulemu. Canter yanu mukaidzaza matumba, kumbuyo kumatsika, mphuno n'kudzuka, ndipo dimu yanu imasanduka fulu kwa amene akubwera kutsogolo. Ndinaziona pa lole yanga yomwe: anthu ankandiphethirira usiku wonse ine n'kumadabwa. Madzulo ano, katundu ali momwemo, imikani galimoto pamalo osalala moyang'ana khoma, yatsani dimu, muone pamene kuwala kwathera. Kukakwera kupitirira msinkhu wa nyalizo, pali zomangira kuseri kwa nyali zotsitsira. Makaniko aliyense wa ku Kapata, mu Chipata, akukonzerani musanamalize botolo la maheu.