Tchalitchi chatsopano, koma ulaliki sukumveka

Mkulu wa mpingo wina wa kufupi ndi Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, wanditumizira imelo. Akuti atasonkha ndalama kwa zaka zingapo amanga, m'malo mwa kachisi wakale wa udzu, tchalitchi chachikulu cha malata, pansi pa simenti, makoma a pulasitala wosalala. Koma chilowereni, agogo akudandaula kuti ulaliki sakuumva, amayi ena amatuluka mutu ukuwawa, ana sakhazikika. Komiti yagawanika: ena akufuna masipika akuluakulu, ena akunong'ona kuti pamalopo pali china chake. Funso lawo n'lakuti, kodi nyumba ingatopetse munthu?

Bambo, ingatopetse ndithu. Ndipo ndalama za masipikazo musatulutse kaye.

Mawu akatuluka m'kamwa mwa abusa amathamanga mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Akafika pa udzu, nsalu kapena thupi la munthu amamwerera. Akagunda simenti, galasi kapena malata amanjanja ngati mpira, khoma ili, khoma ilo, mpaka mphamvu itatha. Ndiye abusa akamatchula liwu lachitatu, loyamba lija likadazungulirabe m'nyumbamo, khutu n'kulandira onse pamodzi. Kachisi wanu wakale wa udzu uja ankameza mawuwo, n'chifukwa chake simunkadandaula.

Vutoli linasautsanso anthu ophunzira kwambiri. M'chaka cha 1895 yunivesite ya Harvard ku America inali ndi holo yatsopano ku Fogg Art Museum momwe liwu limodzi linkalindima masekondi opitirira 5. Anapatsa ntchitoyo mphunzitsi wachinyamata, Wallace Sabine. Iye ankagwira usiku kukakhala zii, akututa makushoni a mipando kuchokera ku holo ina, Sanders Theatre, n'kumayesa ndi wotchi kuti mawu akutha msanga bwanji. Anapeza kuti chipinda chikakula mawu amachedwa kutha, zofewa zikachuluka amatha msanga. Nzeru imeneyi ndi imene anamangira holo ya nyimbo yotchedwa Symphony Hall ku Boston, yomwe inatsegulidwa mu 1900.

Inunso yesani. Lowani m'tchalitchimo muli nokha, muwombe m'manja kamodzi mwamphamvu, mumvetsere. Ngati kulindimako kukufika masekondi awiri kapena atatu, mlandu wapezeka. Poyankhula pamafunika pafupifupi sekondi imodzi. M'kalasi, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 1999 kuti zisapitirire masekondi 0.6.

Tsono za mutu wowawa zija. Mawu akasakanikirana, ubongo umakhala ukulota mawu osowawo n'kumalumikiza wokha, ndipo maola awiri a ntchito yotereyi amafooketsa. Agogo ndiwo amayamba kugonja, popeza khutu likamakalamba limayamba kutaya timawu topyapyala monga s ndi f, tomwe timasiyanitsa "sula" ndi "fula". Ana nawonso sadziwa mawu ambiri oti n'kulotera, choncho amangosiya kumvetsera n'kuyamba kutsinana. Si mwano ayi. Phokoso limasokonezadi ana. Ku Munich, m'dziko la Germany, atasamutsa bwalo la ndege mu 1992, ofufuza anatsatira ana a mbali zonse ziwiri: oyandikana ndi bwalo latsopano anatsika pa kuwerenga ndi kukumbukira, a kumene ndege zinachoka anakwera.

Kuwonjezera masipika akuluakulu m'nyumba yotere kumangochulutsa mawu onjanja. Kumaopsezanso makutu: phokoso la ma decibel 85 (decibel ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) munthu angakhalemo maola 8, koma likafika 100 ndi mphindi 15 zokha. Anyamata a pa mikisa (makina okwezera ndi kutsitsira mawu), amene amakonda kukweza mpaka mabenchi kunjenjemera, auzeni zimenezi mwachikondi. Masipika ang'onoang'ono angapo, otsitsa, oloza kwa anthu osati ku khoma, amaposa awiri akuluakulu akutsogolo.

Yambani ndi khoma lakumbuyo, loyang'anizana ndi guwa, chifukwa ndilo limabweza mawu kumaso kwa wolalikira. Mphasa ndi mikeka sizisowa kwathu kunyanja kuno. Koma mkeka womata pakhoma ndi wopyapyala, suthandiza kwenikweni. Khomani timatabwa, musiye mpata wa chikhatho chimodzi, muikemo mabulangete akale kapena thonje, mkeka ubwere pamwamba. Amayi asoke makatani okhuthala, amakwinya ambiri. Ndalama zikapezeka ikani siling'i ya bolodi yofewa, yomwe idzachepetsanso kutentha kwa Okutobala ndi chiphokoso cha mvula pamalata mu Januwale. Ingotsekani bwino mipata, mileme ingalowemo.

A kwaya adzakutsutsani, ndipo ali ndi mfundo. Kulindima kumakometsa nyimbo, kumachititsa anthu makumi awiri kumveka ngati khamu, ndipo woimba amalimba mtima akamva nyumba ikumuyankha. Choncho musakute makoma onse. Mbali imene kwaya imaima isiyeni yolimba. Ikani mikeka pang'onopang'ono, Lamulungu lililonse muzifunsa agogo a pa benchi yomaliza kuti vesi lawerengedwa lija ndi liti. Akayamba kuyankha molondola, lekerani pomwepo.