Za timaswiti ta CBD tija, achemwali

Achemwali, mwaswera bwanji? Ndaona funso lanu m'gulumu, loti pobwera mu Disembala ndiwagulireko amayi timaswiti ta CBD, mankhwala ochokera m'chamba aja, chifukwa cha maondo aja, poti mwamva kuti kuno ku America n'zololedwa. Ndati ndingolankhula, kulemba kungatalike.

Eee, tikugulitsidwadi. Pamalo omwetsera mafuta pafupi ndi kwathu kuno ku Houston tili pa kauntala penipeni, moyandikana ndi chingamu, m'timapaketi tonyezimira ngati maswiti a ana. Zinayamba mu 2018, pamene boma lalikulu linati chamba chimene THC yake, chija choledzeretsa chija, sichipitirira 0.3 peresenti chizitchedwa hemp ndipo si mlandu. Amalonda anaona mpata. Amatenga CBD n'kumusandutsa delta-8, mtundu wina wa THC, mu labu, ameneyo amaledzeretsa ndithu, n'kumuthira m'maswiti ndi m'zakumwa za m'zitini.

Ndiye state iliyonse ili ndi zake. Ku Minnesota amalola mamiligalamu 5 a THC pa mlingo umodzi, 50 paketi yonse. Ku California mu 2024 anailetseratu THC m'zakudya za hemp. Kuno ku Texas aphungu anagwirizana zoletsa zonse mu 2025, bwanamkubwa Greg Abbott anakana, kenako analamula kuti zisamagulitsidwe kwa osakwana zaka 21. Mu Novembala 2025 a Congress, aphungu a dziko lonse, nawonso anathina lamulo la 2018 lija, kuti latsopanolo lidzayambe kugwira ntchito pakatha chaka. Paketi yomweyo, kuno ndi malonda, ukangodumpha malire ndi mlandu.

Nanji kwathu ku Malawi! Lamulo lathu la 2020 lija ndi la anthu a ziphaso zochokera ku Cannabis Regulatory Authority, olima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale. Ine wotsika nato m'chikwama pa KIA silinditeteza, ndipo wapolisi pamenepo sangandimvere za ku Texas.

Koma chimene chikundiopsa kwenikweni ndi amayiwo. Timaswitito a FDA, bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala kuno, sanativomereze ngati mankhwala, ndipo zolembedwa papaketi nthawi zina sizifanana ndi zam'katimo. CBD amadutsa m'chiwindi, amatha kusokonezana ndi mankhwala ena, pomwe amayi amamwa mapilitsi a BP m'mawa uliwonse. Tangoganizani atadya kamodzi kali ndi THC wambiri, mutu n'kuyamba kuzungulira akupita kubafa usiku, ndi maondo amenewo. Komanso adzukulu aja, mukudziwa mmene amafufuzira m'kachikwama ka agogo awo kusaka switi. Ayi achemwali, mtima wanga sukulola, musandikwiyire.

Chonde apititseni kwa dokotala sabata ino akawaone maondowo bwinobwino, mumuuzenso mankhwala onse amene akumwa. Ndalama ya thiransipoti ndi ya kuchipatala nditumiza Lachisanu ndikalandira. Dokotala akalemba zofunika, mundijambulire pepalalo, ngati zikupezeka kuno ndibwera nazo. Muwapatse moni amayi, muwauze ndiwaimbira Lamlungu akaweruka kutchalitchi.