Funsani Aphunzitsi a Masamu: Mikanda M'thumba, Mandasi a Ukwati ndi Miyendo ya Mbuzi

Makalata ambiri mwezi uno achokera kwa a Fomu 4, poti mayeso a MSCE ayandikira. Ndasankhapo atatu, ndipo imodzi ndi ya kholo.

Aphunzitsi, pa mayeso oyeserera anatifunsa kuti: m'thumba muli mikanda 5 yofiira ndi 3 yoyera. Munthu watola mikanda iwiri, umodzi pambuyo pa unzake, osabwezeramo. Probability (mwayi) yoti yonse iwiri ikhale yofiira ndi yotani? Ine ndinalemba 5/8 × 5/8 = 25/64 koma anandithetha. Ndinalakwa pati? — Mtsikana wa Fomu 4, ku Dedza

Mwana wanga, kuchulukitsa unachulukitsa bwino. Chimene chinakugwetsa ndi liwu limodzi lokha limene maso ako analidumpha: osabwezeramo.

Pamene ndinkaphunzitsa pa sekondale yoyendera, phunziro limeneli sindinkaliyambira pa bolodi. Ndinkatuma ana kukatola zitsekerero za mabotolo pa golosale, n'kuziponya m'chipewa cha mnyamata wina wa kutsogolo. Iwenso chita chomwecho lero. Tenga zitsekerero 5 za mtundu umodzi ndi 3 za mtundu wina, tseka maso, tola chimodzi. Tinene kuti watola chofiira, ndipo mwayi wake unali 5/8. Chigwire m'manja, usachibweze. Tsopano suzumira m'chipewamo uwerenge. Zofiira zatsala 4, zonse pamodzi zatsala 7. Ndiye ukamapisanso dzanja kachiwiri, mwayi wotola chofiira ndi 4/7. Choncho 5/8 × 4/7 = 20/56, ndipo tikachepetsa ndi 5/14. Yankho lako la 25/64 likanakhala lolondola akanati mkanda woyamba uja unabwezedwa m'thumba.

Pali funso lina limene limakonda kutsatira pamenepa, ndipo ambiri amatayapo malikisi: mwayi woti utole wofiira umodzi ndi woyera umodzi. Ana amalemba 5/8 × 3/7 n'kuima. Koma njira zilipo ziwiri. Wofiira akhoza kuyamba, 5/8 × 3/7 = 15/56, kapena woyera akhoza kuyamba, 3/8 × 5/7 = 15/56. Ukaphatikiza ndi 30/56. N'chifukwa chake ndimakakamiza kujambula tree diagram, chithunzi cha nthambi chosonyeza njira zonse zimene zingatheke, ngakhale funso lisananene. Ukamayenda panthambi imodzi umachulukitsa, ukamasonkhanitsa nthambi zosiyana umaphatikiza. Ndipo ukhoza kudzichonga wekha usanapereke pepala: yofiira yokhayokha 20/56, yosakanikira 30/56, yoyera yokhayokha 3/8 × 2/7 = 6/56. Zonse pamodzi ndi 56/56, kutanthauza 1. Zikapanda kukwana 1, pali nthambi imene yaiwalika.

Ndionjezereko kanthu kamene kamandiwawa mumtima. Thumba lija limasintha ukachotsamo mkanda, koma dayisi ya Ludo sisintha. Ngakhale uponye kakhumi osapeza 6, ulendo wotsatirawo mwayi wa 6 ukadali 1/6. Dayisi sikumbukira kuti yakhala isakukupatsa 6. Ndimaona anyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha atakhamukira kobetcha mpira, akunena kuti "ndaluza kasanu, lero ndiye langa." Uwauze alongo ako kuti kuluza kwa dzulo sikuonjezera kanthu pa mwayi wa lero.

Ine ndimagulitsa mandasi, sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Mwana wanga wa Fomu 2 akuvutika kusiyanitsa mean, median ndi mode. Ndingamuthandize bwanji? — Mayi wa ku Ndirande

Mayi, zikomo kwambiri polemba, ndipo musadziderere. Buku labwino lophunzitsira zimenezi muli nalo kale, ndi kope lija mumalembamo za malonda.

Tiyerekeze kuti sabata ina munagulitsa motere: K9,000, K12,000, K8,000, K10,000, K9,000, K11,000, ndipo Loweruka anthu a ukwati anaoda mandasi ambiri mpaka munapeza K46,000. Muuzeni mwanayo aphatikize zonse. Apeza K105,000. Agawe ndi masiku 7, apeza K15,000. Imeneyo ndiyo mean. Tsopano mufunseni: kodi amayi ako amapeza K15,000 pa tsiku? Inu mukudziwa kuti ayi. Pa masiku 7 aja, 6 simunafikepo n'komwe pamenepo. Tsiku la ukwati lija lakoka mean n'kuikweza.

Kenako aziyale ndalamazo kuyambira yaing'ono: 8, 9, 9, 10, 11, 12, 46. Imene yakhala pakati penipeni ndi K10,000, ndiyo median, ndipo ndi imene ikunena zoona za tsiku lanu wamba. Mukamaganiza za ufa ndi mafuta oti mugule mawa, mudalire imeneyi. Mode ndi nambala imene yabwera kawirikawiri kuposa zinzake, pano ndi K9,000.

Mumuyang'anitsitse pa chinthu chimodzi. Ana ambiri amathamangira kuloza nambala ya pakati asanaziyale mwa dongosolo. Komanso manambala akakhala 6 kapena 8, pakati pamakhala awiri, ndiye amawaphatikiza n'kugawa ndi 2.

Madamu, equation akandipatsa yolembalemba ndimaikhoza. Koma likangobwera funso la nkhani, mutu umaima. Mwachitsanzo: m'khola muli nkhuku ndi mbuzi, mitu yonse ndi 20, miyendo ndi 56. Nkhuku zilipo zingati, mbuzi zingati? Ndiyambire pati? — Mnyamata wa Fomu 3, ku Nkhotakota

Yambira m'kholamo, mwana wanga, x ndi y abwera pambuyo. Lifotokoze funsolo m'Chichewa ngati ukuuza agogo ako. Ziweto zilipo 20. Tiyerekeze kuti zonse ndi nkhuku, miyendo ikanakhala 40. Koma yawerengedwa 56, ndiye pali miyendo 16 yapamwamba. Yachokera kuti? Mbuzi iliyonse ili ndi miyendo iwiri yoposa ya nkhuku. Gawa 16 ndi 2, mbuzi zilipo 8, nkhuku 12. Waona, wapeza yankho usanalembe chilembo chilichonse.

Usaone ngati njira imeneyi ndi yachimidzi. Liwu loti algebra linachokera ku liwu la Chiarabu, al-jabr, la m'mutu wa buku limene al-Khwarizmi analemba ku Baghdad cha m'ma 820, ndipo iyeyo masamu akewo ankawafotokoza ndi mawu okhaokha, popanda x kapena y. Zilembozi zinabwera patapita zaka mazanamazana, kuti zifupikitse nkhani.

Koma pa mayeso a MANEB amafuna kuona njira, ndipo njirayo ili ndi malikisi ake, choncho uilembe. Mzere woyamba unene poyera kuti x ndi chiwerengero cha nkhuku, y ndi chiwerengero cha mbuzi. Ana ambiri amaudumpha mzere umenewu, kenako pakati pa ntchito amaiwala kuti x uja anali ndani. Mitu ikupatsa x + y = 20. Miyendo ikupatsa 2x + 4y = 56. Chulukitsa equation yoyamba ndi 2, upeza 2x + 2y = 40. Ichotse ku yachiwiri, patsala 2y = 16. Taona 40 ndi 16 aja atulukiranso, omwe aja tinawapeza tili m'khola. Ndiye y = 8, x = 12.

Mawu amene sindiwakonda m'kalasi ndi oti "nambala ikawoloka imasintha sign," kutanthauza kuti ikapita mbali ina ya =, + amasanduka −. Mwana amaloweza, koma tsiku limene wakumana ndi 2y = 16 amalemba y = 16 − 2, poti anauzidwa kuti chowoloka chimasintha. Palibe chimene chimawoloka. Equation ili ngati sikelo ya pa msika ya mbale ziwiri: chimene wachita mbale iyi, uchitenso mbale inayo. Pa 2y = 16 wagawa mbali zonse ndi 2, basi.

Ukamaliza bwerera kukhola ukawerenge miyendo. Nkhuku 12 ndi miyendo 24, mbuzi 8 ndi miyendo 32, pamodzi 56. Tsopano yesa ili, unditumizire njira yako yonse osati yankho lokha: pa siteji pali njinga za kabaza ndi minibasi, zonse pamodzi 15, matayala oponda pansi 42.