Hilux yokweza pang'ono: kodi ndigule masipuling'i a heavy duty?

M'bale wathu wina wa ku Katoto wanditumizira imelo. Ali ndi Hilux ya double cab, ya m'gulu lija linatuluka pakati pa 2005 ndi 2015, ndipo anaigula kwa munthu ili yokweza kale ndi ma spacer, pafupifupi mainchesi awiri. Tsiku ndi tsiku amapita nayo kuntchito ku Luwinga ndi kukasiya ana kusukulu, mwezi ukatha amapita kumudzi kupitirira Bolero, ndipo mwa apo ndi apo amakwera ku Nyika. Galimotoyo ikumagunda kutsogolo ikamatsika pa hampu, kumbuyo ikumadumphadumpha, ndiye makaniko wake wamuuza kuti agule kiti yonse ya masipuling'i ndi mashoko a heavy duty (olimba, opangidwira katundu wolemera), akwezenso mpaka mainchesi atatu. Akufunsa ngati atero.

Achimwene, musatero. Ndalama zimenezo zikugulirani galimoto yoipa kuposa imene muli nayo panopa, ndipo woyamba kudandaula adzakhala mayi akunyumba ndi ana okhala mpando wakumbuyo.

Tiyambe ndi kugundako, chifukwa ndikukhulupirira kuti kukuchokera ku ma spacer. Hilux yanu kutsogolo ili ndi shoko yokhala m'kati mwa sipuling'i yopota, ndipo gudumu lililonse limagwidwa ndi mikono iwiri, wam'mwamba ndi wam'munsi. Spacer ndi kachitsulo kapena kapulasitiki kokhuthala komwe amakaika pamwamba pa shokoyo, n'kuikankhira pansi yonse. Chifukwa shoko imamangidwa chapakati pa mkono osati kumapeto, spacer ya mamilimita 25 imakweza galimoto pafupifupi kuwirikiza kawiri. N'zotchipa, n'chifukwa chake anthu amazikonda. Vuto n'lakuti gudumu likalendewera, monga potsika pa hampu kapena polowa m'dzenje, mikono ija imatsika kupitirira pomwe Toyota anaikonzera. Mkono wam'mwamba umatha kukhudza sipuling'i, ball joint (mfundo yolumikiza mkono ndi gudumu) imafika pamapeto pake, CV (mfundo ya chitsulo chozunguza gudumu) imapindika kwambiri. Gonani pansi ndi tochi muyang'ane sipuling'i yakutsogolo moyang'anizana ndi mkono wam'mwamba. Mukaona penti yachoka, chitsulo chikuwala pamalo amodzi, ndiye kugunda kwanu kumeneko. Yang'ananinso labala ya CV. Ngati yang'ambika ndipo girisi wakuda wamwazikana m'kati mwa rimu, nkhani yake ndi yomweyo.

Kumbuyo kuli masipuling'i a mapale. Amene anakweza galimotoyo mwina anaika mabuloko kapena ma shackle (tizitsulo tokolekapo mapeto a mapalewo) aatali n'kusiya mashoko akale omwe aja. Shoko yaifupi pa galimoto yokweza imakhala yatambasuka kale galimoto ili chiimire, ndiye ikangodumpha pang'ono imafika pamapeto n'kukoka. Ikachita zimenezo kwa nthawi yaitali imatha. Ipukuteni ndi nsanza, yendani masiku angapo, muone ngati siikhalanso yonyowa ndi oyilo wogwira fumbi.

Tsopano za heavy duty. Sipuling'i ndi imene imanyamula kulemera, shoko imangoletsa kuti galimoto isapitirize kunyang'ama. Makampani opanga makiti, monga Old Man Emu ndi Ironman 4x4 a ku Australia, amagulitsa masipuling'i potengera katundu amene amakhala pagalimoto nthawi zonse. Pali a galimoto yopanda kanthu kapena yonyamula pang'ono, pali a katundu wokhazikika wa makilogalamu mazana angapo. Mawu ofunika apa ndi akuti nthawi zonse. Munthu wokhala ndi kanope yachitsulo, thanki yamadzi, zipangizo za ntchito ndi matayala awiri apadera, amene satsitsa zimenezi chaka chonse, ameneyo ndiye wa heavy duty. Inu galimoto yanu masiku ambiri imayenda kumbuyo kuli mbee. Matumba anayi a chimanga a makilogalamu 50 amene mumabwera nawo kuchokera kumudzi ndi makilogalamu 200 basi, kamodzi pamwezi. Sipuling'i yolimba ikasowa choipanikiza siipinda, ndiye bampu iliyonse imapita molunjika kumsana kwanu. Choopsa kwambiri n'chakuti matayala akumbuyo amayamba kuchoka pansi. Pamsewu wafumbi wokhala ndi timizere tondondozana ngati malata, galimoto yotere imaponya kumbuyo cham'mbali pakona, ndipo mvula ya kuno ku Mzuzu mukuidziwa mmene imaterereketsa dothi lofiira.

Kutsogolo n'chimodzimodzi. Ngati mulibe bull bar yachitsulo (chotchinga kutsogolo kwa galimoto) kapena winchi (makina okokera galimoto ikatitimira), tengani sipuling'i yofewa ya kitiyo. Ngati mukuganiza zodzaika bull bar, ikani kaye, kenako musankhe sipuling'i. Musagule sipuling'i lero poganizira katundu amene mwina mudzakhala naye zaka ziwiri zikubwerazi.

Mainchesi atatu asiyeni. Pa galimoto za mikono iwiri kutsogolo ngati yanuyi, kukweza mamilimita 40 mpaka 50, osapitirira mainchesi awiri, ndi pomwe zinthu zimagwirizanabe. Mukapitirira apo mufunika mikono yam'mwamba yatsopano kuti alayimenti (kuwongola kaimidwe ka magudumu) itheke, mufunika kutsitsa difu (bokosi la magiya la pakati pa magudumu) yakutsogolo kuti ma CV apume, mapaipi a mabuleki ndi mawaya a ABS (chipangizo choletsa magudumu kukhwekhwereza pomanga mabuleki) amayamba kukokeka. Ndipo phindu lake n'lochepa, chifukwa difu yakumbuyo siikwera ngakhale pang'ono. Chimene chimaikweza ndi kukula kwa tayala. Chimene mumaonjezera ndi kupendekeka pamakona. Ine ndikaganiza zotsika Chiweta kapena makona a Gorodi popita ku Livingstonia ndi banja m'galimoto, sindifuna inchi ina yoonjezera pamwamba.

Ndalama zanu zipite ku mashoko. Apa ndiye pamene galimoto imasinthiratu. Ulendo wochokera ku Rumphi kukafika ku Chelinda ndi wa makilomita oposa 100, ndipo mbali yaikulu ndi yafumbi. Shoko ikamagwira ntchito mosapuma chonchi oyilo wam'kati amatentha, amachita thovu, shoko n'kufooka. Mudzaona kuti galimoto imene inayamba ulendo bwinobwino pofika ku geti ya Thazima yayamba kuyandama. Imani muyandikize dzanja pa shoko, mosamala, mudzamva kutentha kwake. Mashoko a chubu chimodzi, monga a Bilstein a ku Germany, amalekanitsa oyilo ndi gasi ndipo amataya kutentha msanga, koma mwala ukafwanyula chubucho shoko yatha pomwepo, komanso m'tauni ena amawamva kulimbirapo. A machubu awiri, monga ambiri a Old Man Emu, kapena a foam cell a Ironman okhala ndi oyilo wambiri, amapirira miyala ndipo amafewerapo pa mabampu ang'onoang'ono. Kwa munthu amene masiku ambiri ali pakati pa Katoto ndi Luwinga, ine ndingasankhe a machubu awiri abwino, okhala ndi thupi lalikulu. Mashoko okhala ndi thanki ya oyilo yapadera ndi a anthu othamanga m'chipululu, ndipo amafuna kukonzedwa ndi munthu wodziwa, amene simudzamupeza msanga.

Chofunika kuposa dzina la kampani n'chakuti shoko ndi sipuling'i zikhale zopangidwira galimoto imodzi ndi kukwera kumodzi. N'chifukwa chake ndimati gulani kiti yathunthu ya kampani imodzi ndipo ma spacer ndi mabuloko achotsedwe onse. Musalole kuti wina aike sipuling'i yokweza pamwamba pa spacer. Thumba likakhala kuti silikulola, njira ina yabwino ndi kuchotsa ma spacer, kubwezera galimoto pa msinkhu wake wa ku fakitale, n'kuika mashoko atsopano a KYB, Monroe kapena Gabriel. Hilux yosakweza imafika ku Nyika popanda vuto, yakhala ikufika kuyambira kale. Kungoti samalani pogula, mashoko achinyengo okhala m'makatoni a mayina otchuka alipo ambiri. Mtengo ukatsika modabwitsa, kapena wogulitsa akakana kulemba nambala ya shoko pa risiti, tulukani m'sitolomo.

Pomanga pali tizinthu timene amakaniko ambiri amathamangira. Mabushi onse otha asinthidwe nthawi yomweyo, apo ayi mudzanamizira kiti yatsopano pa kugunda kwa bushi yakale. Pa galimoto ya tsiku ndi tsiku ndimakonda mabushi a labala pa mikono yakutsogolo. A polyurethane (pulasitiki yolimba) amalira akauma, ndiye ngati abwera ndi kiti pa masipuling'i akumbuyo, tengani ma shackle okhala ndi pothirira girisi. Mabawuti a mabushi a labala amangitsidwe galimoto itatsika pa jeke, itaima pa matayala ake. Akamangitsa ili m'mwamba labala imakhala yopotoka ndipo imang'ambika miyezi yochepa. Ma U-bolt, mabawuti opindika omangira masipuling'i a mapale, akhale atsopano, ndipo mubwererenso akawamangitse mutayenda makilomita 500 kapena kuposerapo pang'ono. Ngati yanu ndi yopanda ABS, kumbuyo kuli kavalavu koyeza kulemera kwa katundu n'kugawa mphamvu ya mabuleki. Galimoto ikakwezedwa kamaona ngati mulibe katundu, mabuleki akumbuyo n'kuchepa mphamvu, choncho kamkono kake kayenera kusinthidwa. Alayimenti ichitike tsiku lomwelo, ibwerezedwenso masipuling'i akakhazikika. Magetsi akutsogolo nawo awongoledwe, kuti musamathobwe m'maso anzanu usiku pa M1.

Musanapite kukagula chilichonse, yezani mpweya wa m'matayala m'mawa galimoto isanayende. Anyamata ambiri opopa amadzaza mpaka tayala kulimba gwa, makamaka akaona kuti ndi pikapu. Tsatirani zimene zalembedwa pa kachikwangwani ka pachitseko cha dalaivala, pa mzere wa galimoto yopanda katundu, ndipo mukatsika tala kulowa msewu wafumbi phwetsani pang'ono n'kuchepetsa liwiro. Mukatero munditumizirenso imelo yokhala ndi muyeso wa ngodya zonse zinayi, kuchokera pakati pa gudumu kufika m'mphepete mwa mudguard, komanso zithunzi za sipuling'i yakutsogolo ndi zimene anaika kumbuyo, kuti tione ngati masipuling'i a mapalewo adakali amoyo kapena nawo agona.