iPhone ikuoneka pa chingwe chokha, pa Wi-Fi yasowa: yang'anani marauta awiriwo

Mayi wina wanditumizira imelo iyi, ndipo ndaifupikitsa pang'ono:

"Ndili ndi iPhone komanso kompyuta ya pa desiki ya Windows 11. Kale ndikangoika foni pa tchaja usiku, inkalumikizana yokha ndi iTunes kudzera pa Wi-Fi, nyimbo n'kulowa, backup n'kuchitika. Mwezi wathawu tinasintha rauta. Yakale sitinaitaye, mwana wanga anaiika kuchipinda komwe kuli kompyuta kuti intaneti izifikako. Chiyambire pamenepo, foni imaoneka pokhapokha ndikailumikiza ndi chingwe. Intaneti ikugwira bwinobwino pa zonse ziwiri. Ndachotsa iTunes n'kuiikanso koma palibe chasintha. Kodi foni yawonongeka?"

Mayi, zikomo polemba mwatsatanetsatane chonchi. Foni yanu ili bwino, ndipo umboni mwaupereka nokha: mukalowetsa chingwe ikuoneka. Ndiye kuti iTunes, pulogalamu ya Apple ya pa kompyuta yotumizira nyimbo ku iPhone ndi kusunga backup, ikuyenda, foni ikuidziwa kompyutayo, madalaiva, timapulogalamu tothandiza kompyuta kuzindikira foni, ali m'malo mwake. Chomwe chaduka ndi njira imene ziwirizi zimapezanirana popanda chingwe, ndipo njira imeneyo imadutsa mu rauta, kabokosi kogawa intaneti ndi Wi-Fi m'nyumba. Musavutikenso ndi kuchotsa iTunes. Nthenda siili mmenemo.

Pali mfundo imodzi imene imasocheretsa anthu ambiri. Foni ndi kompyuta zitha kukhala pa intaneti zonse ziwiri koma osaonana n'komwe. Zili ngati anthu awiri okhala nyumba imodzi, aliyense m'chipinda chake chokhala ndi khomo lotulukira kumsewu, koma chitseko chapakati chili chokhoma. Aliyense atha kupita kutali kulikonse kumene akufuna, koma wina akaitana mnzake, mawu safika.

Kuitana kumeneku ndi ntchito ya Bonjour, njira imene Apple inatulutsa mu 2002 pa dzina lakuti Rendezvous, n'kudzaisintha dzina mu 2005. Kulunzanitsa (Sync) iPhone ndi iTunes pa Wi-Fi, komwe kunabwera ndi iOS 5 mu 2011, kumadalira Bonjour yomweyo. Chipangizo chilichonse chimalengeza dzina lake kwa zinzake zonse za pa netiweki imodzi, kudzera pa adiresi 224.0.0.251 ndi port 5353, yomwe ili ngati nambala ya khomo lolowera uthengawo. Uthenga umenewu anaupanga dala kuti usamadumphe rauta. Umazungulira m'netiweki momwe wachokera, basi. Tsono m'nyumba mukakhala manetiweki awiri, foni izilengeza kwinaku, iTunes ikumvetsera kwinako.

Ndikukhulupirira kuti izi n'zimene zachitika kwanu. Rauta ikalumikizidwa ku inzake popanda kusintha kalikonse mkati mwake, siikulitsa netiweki yoyambayo ayi. Imapanga yakeyake, n'kumagawa maadiresi akeake, ndipo chilichonse chochokera ku rauta yoyamba imachitenga ngati chakunja chofunika kutsekeredwa. Intaneti imadutsa bwinobwino chifukwa kompyuta ndi imene imayamba kupempha masamba. Koma foni imene ili pa rauta yatsopano singafikire kompyuta yobisala kuseri kwa yakale.

Kuti mutsimikize, yerekezerani maadiresi. Pa iPhone pitani ku Settings, kenako Wi-Fi, mudine kachilembo ka "i" pambali pa dzina la netiweki. Muona mzere wa IP Address. Pa kompyuta dinani Start, mulembe cmd, mutsegule zenera lakudalo, mulembe ipconfig n'kudina Enter; fufuzani mzere wa IPv4 Address. M'manyumba ambiri Subnet Mask imakhala 255.255.255.0, ndipo zikatero magawo atatu oyambirira a adiresi ayenera kufanana. Foni ikakhala 192.168.1.23 kompyuta 192.168.1.40, zili pamodzi. Foni ikakhala 192.168.1.23 koma kompyuta 192.168.0.101, vuto lapezeka. Yang'ananinso mzere wa Router pa foni ndi wa Default Gateway pa kompyuta. Manambalawo akasiyana, ndiye kuti chilichonse chili ndi rauta yake. Nthawi zina marauta awiri amagawa maadiresi oyamba mofanana, choncho ngakhale manambala atafanana, yesaninso njira iyi: lumikizani foni ku Wi-Fi ya rauta yakaleyo, mutsegule iTunes, mudikire mphindi zingapo. Foni ikatulukira, palibenso chokayikitsa. Adiresi yoyamba ndi 169.254 ndi nkhani ina: imasonyeza kuti chipangizocho sichinalandire adiresi kuchokera ku rauta iliyonse, changodzipatsa chokha.

Kukonza kwake sikufuna kugula kanthu. Mwana wanuyo alowe mu zoikamo za rauta yakale afufuze pomwe palembedwa Access Point Mode kapena Bridge Mode, nthawi zambiri pansi pa Operation Mode. Akasankha pamenepo, rautayo imasiya kugawa maadiresi, n'kungokhala mlatho wopititsa netiweki ya rauta yatsopano kuchipindako. Ngati ndi yakale kwambiri moti mulibe zimenezi, azimitse DHCP yake, yomwe ndi imene imagawa maadiresi, aipatse adiresi yokhazikika ya m'netiweki yatsopano imene palibe china chikuigwiritsa ntchito, kenako chingwe chochokera ku rauta yatsopano achichotse pa bowo la WAN n'kuchiika pa limodzi la mabowo a LAN. Akatha, muzimitse marauta onse awiri ndi kompyuta, muyatse rauta yatsopano poyamba, yakale pambuyo, kompyuta pomaliza. Ine ndingachite zimenezi m'malo mongozolowera kusamutsa foni kuchoka pa Wi-Fi ina kupita pa ina usiku uliwonse, chifukwa manetiweki awiri m'nyumba imodzi adzakusowetsaninso mtendere tsiku limene mudzafune kusindikiza pa printa ya Wi-Fi kapena kuonetsa kanema wa pa foni pa TV.

Mukatero, pali chachiwiri chimene chimabwera chifukwa cha kusintha komweku, ndipo musachidumphe. Windows ikaona netiweki yachilendo imaiika m'gulu la Public, ngati kuti muli pa Wi-Fi ya pa bwalo la ndege. Pamenepo kompyuta imadzibisa ndipo firewall, mlonda wosefa mauthenga a pa netiweki, imakana mauthenga ambiri olowa. Ndi chitetezo choyenera pamalo a anthu ambiri, koma m'nyumba chimatseka zomwe mukufuna. Pitani ku Settings, Network & internet, musankhe Ethernet ngati kompyuta ili pa chingwe kapena Wi-Fi ngati ili pa Wi-Fi, ndipo pa Network profile type musankhe Private network. Kenako mu Windows Security, pa Firewall & network protection, dinani Allow an app through firewall muone ngati iTunes ndi Bonjour zili zochongedwa pa Private. Ngati muli ndi antivayirasi ya kampani ina, dziwani kuti zambiri zimabwera ndi firewall yakeyake imene imafunikanso kuuzidwa kuti netiweki ino ndi ya pakhomo. Mutha kuizimitsa kwa mphindi zochepa pofuna kuyesa, koma musaisiye yozima. Mukaona kuti ndi imene ikutsekereza, ilolezeni iTunes mkati mwake n'kuiyatsanso. Ndimadandaula ndikamaona malangizo ouza anthu kuti angozimitsa firewall mpaka kalekale, chifukwa amathetsa vuto laling'ono posiya kompyuta pambalambanda.

Ngati maadiresi akufanana, netiweki ili pa Private, koma foni sikuonekabe, bwererani ku rauta yatsopano. Onetsetsani kuti foni sili pa netiweki ya alendo, imene dzina lake limathera ndi Guest. Imeneyo anaipanga kuti mlendo apeze intaneti popanda kuona zipangizo za m'nyumba. Marauta ena alinso ndi batani la AP Isolation kapena Client Isolation lomwe limachita zomwezo pa netiweki yaikulu, ndipo liyenera kukhala lozima. Za 2.4 GHz ndi 5 GHz anthu amazinena kwambiri, koma pa rauta yoyenda bwino ziwirizi ndi netiweki imodzi, ndipo foni ya pa 5 GHz imaona kompyuta ya pa 2.4 GHz popanda vuto. Ndi marauta ochepa okha amene amalephera kuwolotsa mauthenga a Bonjour pakati pa ziwirizi. Kuyesa n'kosavuta: ikani zonse pa imodzi muone. VPN nayo, pulogalamu yodutsitsa intaneti yanu m'njira yobisika, kaya pa foni kaya pa kompyuta, izimitseni poyesa, pakuti ma VPN ambiri amatseka njira yopita ku zipangizo zapafupi.

Popeza munaikanso iTunes, lowetsani chingwe kamodzi. Foni ikafunsa ngati mukuikhulupirira kompyutayo, dinani Trust. Mu iTunes dinani kachizindikiro ka foni, mupite pa Summary, mutsike pa Options, muone ngati "Sync with this iPhone over Wi-Fi" ndi yochongedwa, kenako Apply. Ikakhala yochongedwa kale, ichotseni, Apply, muichongenso, Apply kachiwiri. Amene akugwiritsa ntchito pulogalamu yatsopano ya Apple Devices pa Windows, kapena Finder pa Mac kuyambira macOS Catalina ya 2019, mawu ake ndi "Show this iPhone when on Wi-Fi". Pochotsa chingwe, ingochizulani kulunzanitsa kukatha. Musadine batani la Eject, chifukwa limachotsa foni pa mndandanda mpaka mutatsegulanso iTunes.

Musaiwale zomwe kulunzanitsa kwa usiku kumafuna: foni ikhale pa tchaja ndi pa Wi-Fi, kompyuta ikhale yoyaka osati yogona, iTunes ikhale yotsegula. Kompyuta imene imagona pakatha mphindi khumi singalandire kanthu pakati pa usiku. Ngati iTunes yanu munaitenga pa tsamba la Apple, mutha kulemba services.msc pa Start n'kuyambitsanso Bonjour Service ndi Apple Mobile Device Service. Ya ku Microsoft Store imayendetsa zimenezi mwanjira ina ndipo mwina simuzipeza pamenepo. Kuzimitsa ndi kuyatsanso kompyuta kumakwanira.

Reset Network Settings ya pa iPhone muisiyire kumapeto kwenikweni. Imafufuta mapasiwedi onse a Wi-Fi amene foni inasunga, ndipo pa vuto ngati lanuli, lomwe gwero lake ndi rauta, siithandiza chilichonse.

Kwa owerenga a Android, nkhani ndi yomweyi ngakhale mapulogalamu ndi ena. KDE Connect imafuna ma port 1714 mpaka 1764 akhale otsegula, Syncthing imadutsa pa 22000 ndipo imafufuza zinzake zapafupi pa 21027, LocalSend pa 53317. Phone Link ya Microsoft nayo imayenda bwino foni ndi kompyuta zikakhala pa netiweki imodzi. Chowonjezera pa Android ndi batire: kuyambira Android 6.0 mu 2015, foni ikakhala osaigwira imalowa mu Doze n'kuchepetsa zochita za mapulogalamu, ndipo opanga mafoni ena amawonjezerapo zawo zokhwima kuposa pamenepo. Pulogalamu yolunzanitsira muipatse chilolezo cha Unrestricted pa zoikamo za batire. Pa iPhone, mapulogalamu a makampani ena ngati LocalSend amafunika chilolezo cha Local Network, chomwe chinabwera ndi iOS 14 mu 2020; mukachikana tsiku loyamba, pulogalamuyo siionanso kanthu mpaka mutachiyatsa mu Privacy & Security.

Tsopano, Mayi, zinthu ziwiri zimene simunafunse koma zikundikhudza kuposa Wi-Fi imene. Choyamba ndi zithunzi. iTunes imatumiza zithunzi kuchokera pa kompyuta kupita pa foni, osati kuchokera pa foni kupita mu foda ya pa kompyuta. Zomwe mwajambula zimalowa mu backup ngati iCloud Photos ndi yozima, koma mmenemo simungazitsegule chimodzichimodzi. Ngati iCloud Photos ndi yoyaka, zili ku iCloud ndipo backup ya pa kompyuta musaidalire pa zithunzi. Mukafuna kuti zikhale mu foda imene mungaione ndi maso, gwiritsani ntchito pulogalamu ya Photos ya Windows ndi chingwe, kapena iCloud for Windows. Ndipo popeza mwezi wathunthu wadutsa, lero lomwe lowetsani chingwe mudine Back Up Now, musadikire kuti rauta ikonzedwe. Mukachonga Encrypt local backup, mapasiwedi osungidwa ndi zolemba za Health zimalowa nawo, koma pasiwedi ya backup imeneyo muilembe pamalo osamalika, chifukwa mukaiiwala backup ija singatsegulidwe.

Chachiwiri ndi chenjezo. Kuchotsa iTunes n'kuiikanso nthawi zambiri sikukhudza laibulale ya nyimbo, koma tsegulani muone ngati nyimbo zanu zilimo musanadine Sync. Mukapeza laibulale ili yopanda kanthu, kapena iTunes ikakuuzani kuti foniyi inalunzanitsidwa ndi laibulale ina n'kukupatsani batani la Erase and Sync, dinani Cancel. Batani limenelo limachotsa nyimbo za pa foni n'kuikamo zomwe zili pa kompyuta, ngakhale pa kompyutapo palibe ndi imodzi yomwe. Laibulale yakale imakhala mu foda ya Music, mkati mwa foda ya iTunes, m'fayilo yotchedwa iTunes Library.itl. Tsekani iTunes, muitsegulenso mutagwira batani la Shift, musankhe Choose Library, muiloze ku fayilo imeneyo.

Zonsezi zikachitika foni n'kukhalabe yosaoneka, nditumizireni maadiresi awiri aja, Default Gateway ya kompyuta, ndi mitundu ya marauta onse awiri. Pasiwedi iliyonse musanditumizire, sikufunika.